Pangano Lopanda Nkhoswe

Pali kapepala kena kamene kakusautsa anyamata kwathu kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo popeza akuluakulu a mpira akukhala ngati sakukaona, ndati ndikayale pano kuti tikaonere limodzi. Kapepalako ndi fomu imene mnyamata amasaina polowa timu ya mpira. Kusaina kwake sikutha mphindi ziwiri, ndipo kumachitikira pabondo kapena pachishalo cha njinga kuseri kwa golo. Koma tsiku limene mnyamatayo afune kuchoka, kapepala komweko kamasanduka goli. Amamuuza kuti sangakasewere kwina kulikonse kufikira eni timu atalemba kalata yomumasula, imene anthu ampira amaitcha kiliyaransi, ndipo kalatayo ili ndi mtengo wake. Ine ndikuti mchitidwe umenewu ngwoipa. Ukutsutsana ndi mwambo wathu wa mapangano, ukutsutsana ndi malamulo a dziko lino, ndiponso ukutsutsana ndi malamulo a mpira omwewo amene eni matimu amaopsezera nawo anawa.

Amene sanakhaleko kwathu angayese kuti ndikukulitsa nkhani yachibwana. Apite Lamulungu masana pa Nsaru, pa Kabudula, pa Mpingu kapena pa Nambuma nyengo imene anthu akolola ndipo fodya wapita ku okushoni ku Kanengo. Akapeza bwalo la sukulu ladzaza, a kabaza atayedzeka njinga zawo, amayi akugulitsa nzimbe ndi zitumbuwa, mafumu atakhala pamipando ya m'kalasi. Aphungu ndi ofuna uphungu amadziwa bwino kumene kuli anthu, nchifukwa chake zikho zawo sizisowa chisankho chikayandikira. Ndipo mpira wa kumudziwu uli ndi makwerero ake. Timu ya Namitete Zitha inafika posewera mu National Division League mu 2025, ligi yotsatana ndi yaikulu ija. Sindikuitchula poiloza chala ayi, ndikungoonetsa kuti mwana wa ku Namitete akamalota za Silver Strikers, Civo, Blue Eagles kapena Kamuzu Barracks, sakulota za kumwezi. Bwalo la Bingu lili pa ulendo wa minibasi imodzi. Maloto amenewa ndiwo amagwiritsa mnyamata cholembera asanawerenge chimene akusaina.

Taonani m'mene kusainako kumayendera. Timu ikaona mnyamata waliwiro pa masewero a sukulu, imatuma munthu wa pakamwa potsekemera. Malonjezo amatuluka ngati ngumbi mvula itagwa: tidzakugulira nsapato za mpira, tidzakulipirira fizi, ukavulala tidzakutengera ku chipatala, timu yaikulu ikadzakufuna sitidzakuletsa. Zonsezi nzapakamwa. Kenaka amatulutsa fomu ya m'Chingerezi namuonetsa poika dzina. Pafomupo palibe nsapato, palibe fizi, palibe chipatala. Chimene chalembedwa nchimodzi, chakuti uje ndi wosewera wa timu yakutiyakuti. Fomuyo imakhala imodzi yokha ndipo imalowa m'chikwama cha a mlembi. Mnyamata amabwerera kwawo chimanjamanja, malonjezo ali m'makutu. Ena mwa iwo ali ndi zaka 16 kapena 17, ali Folomu 2 kapena 3 pa sekondale yoyendera, ndipo makolo awo amadzamva kwa anthu kuti mwana wawo "anasaina".

Msuweni wanga zinamuonekera. Anasaina ku timu ina imene sindiitchula dzina, atamulonjeza fizi ya chaka chonse. Analipira teremu imodzi, basi. Zinthu zitavuta pakhomo, malume athu anamutenga kuti akakhale nawo kudera lina kumene akanatha kupitiriza sukulu. Kumeneko kunali timu imene inamufuna. Atapita kukapempha kalata yomumasula, a wapampando anamuuza kuti abweze jezi, abweze fizi ya teremu ija, ndipo timu yatsopanoyo ipereke ndalama zokwana kugula matumba awiri a feteleza. Za materemu awiri amene iwo sanalipire sanazitchule. Timu yatsopano inalibe ndalama zotero, inangoti pepani. Mnyamata anakhala chaka chathunthu akuonerera anzake ali kunja kwa mzere, ndipo timu imene inamukaniza sinamuseweretse ngakhale kamodzi, poti anali kutali. Kodi pamenepa anapindula ndani? Mbuzi yomangidwa pachikhomo chopanda msipu siinenepa, ndipo mwini wake sadyapo kanthu.

Tsono eni matimu akafunsidwa amathamangira ku mwambo. Amati ana a masiku ano sasunga mau, amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Chabwino, tiyeni ku mwamboko. Pakati pa Achewa pangano lalikulu kuposa onse ndi ukwati, ndipo palibe ukwati umene umamangidwa ndi anthu awiri kuseri kwa nkhokwe. Pamakhala ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi. Mwini mbumba amadziwa. Zimene mbali iliyonse yalonjeza zimanenedwa pamaso pa mboni, kuti mawa wina akadzatembenuka pakhale womukumbutsa. Ndipo makolo athu, podziwa kuti mitima imasintha ndiponso kuti anthu amanamizana, anasiya khomo lotulukira. Banja likakanika ankhoswe amakhala pansi, nkhani ikakula imapita kwa amfumu, ndipo munthu amasudzulidwa napita kukayamba moyo wina. Ngakhale mkamwini amene wamanga nyumba ndi kulima munda pamudzi pa eni samangidwa chingwe m'chiuno. Nanga fomu ya mpira ndi yopatulika motani kuti ipose ukwati? Ili ndi nkhoswe mbali imodzi yokha, ndipo nkhosweyo ndi yemweyo wosunga pepala, yemweyo wotchula mtengo, yemweyo woweruza mlandu. Khoswe wakhala pamkhate. Amene akufuna kutiphunzitsa mwambo ayambe waitana malume a mwanayo asanatulutse cholembera.

Kunena zoona, kumene mchitidwewu unaphunziridwa si ku mwambo. Ife a kumadzulo kwa Lilongwe timaudziwa ndi dzina lina. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayamba kulimitsa fodya pogwiritsa ntchito matenanti ku Mbabzi, ndipo kuchokera pamenepo utenanti unafalikira m'chigawo chapakati. Kayendedwe kake palibe mwana wa kwathu amene sakadziwa. Munthu amabwera pa esiteti ndi banja lake atamva malonjezo apakamwa. Bwana amamupatsa chimanga, feteleza ndi khasu, zonse pangongole, ndipo buku la ngongoleyo limasungidwa ndi bwana yemweyo. Fodya akauma, wotchula mtengo ndi bwana. Akachotsera zonse, tenanti amapezeka kuti alibe kanthu, kapenanso kuti ngongole yatsala, chotero sangachoke. Ikani jezi pamalo pa khasu, fizi ya teremu imodzi pamalo pa thumba la chimanga, a mlembi pamalo pa kapitawo, muona kuti ndi gule yemweyo, angosintha ng'oma. Chomvetsa chisoni nchakuti ena mwa akuluakulu a matimuwa ndi ana a matenanti, amene anaona makolo awo akubwerera kumudzi ndi mphasa yokha pamutu.

Dziko lino linaukana utenanti. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuuletsa. Ndipo kale lomwe, malamulo aakulu a dziko a 1994 anali atanena m'ndime 27 kuti munthu asasungidwe mu ukapolo, asagwiritsidwe ntchito mokakamiza, ndiponso asamangidwe pa ntchito mwa njira yofanana ndi ukapolo. Ndime 29 imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa zake paliponse m'Malawi. Chiyambire 2017 malamulo omwewo amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana. Anzanga ophunzira zamalamulo adzandiuza kuti kukaniza mwana kusewera mpira sikunafike pa ukapolo, ndipo sindilimbana nawo pa dzina. Ndingowafunsa ichi: ngati mpira ndiyo njira imene mnyamatayo akuyembekeza kudzadyerapo, ndani anapatsa komiti ya anthu asanu mphamvu yomutsekera njirayo chifukwa cha pepala limene anasaina ali mwana, m'chinenero chimene sakuchimva bwino, popanda kholo?

Mwina mphamvuyo anaitenga ku malamulo a mpira. Eni matimu amakonda kutchula FAM ndi FIFA monga m'mene agogo amatchulira chilombo poopseza mwana wolira usiku. Koma ndi angati anawerenga chimene FIFA inalemba? Malamulo ake a kasamutsidwe ka osewera amagawa osewera pawiri. Pali wosewera wa ntchito, amene ali ndi kontalakiti yolembedwa ndipo amalandira ndalama zoposa zimene amaononga posewera mpirawo. Ena onse ndi osewera mongodzipereka. Tsono mnyamata wa pa Kabudula amene malipiro ake ndi botolo la Fanta ndi banzi timu ikapambana ali m'gulu liti? Fomu imene anasaina ndi yomulembetsa kuti aziloledwa kusewera mu ligi, si kontalakiti ya ntchito. Kulembetsa ndi kofunika, chifukwa popanda iko munthu mmodzi akanamasewerera matimu atatu Loweruka limodzi. Koma ntchito yake ithera pomwepo. Kaundula wa sukulu amaonetsa kumene mwana akuphunzira, sapatsa a hedimasitala ufulu womugulitsa.

Ngakhale kwa osewera a ntchito enieniwo, FIFA sinasiye chingwe chopanda malire. Kontalakiti siingapitirire zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 siingapitirire zaka zitatu. Mu 2018 anaonjezera lamulo lakuti timu ikalephera kulipira wosewera miyezi iwiri, iye angathe kuichenjeza molemba kalata, kuipatsa masiku 15, ndipo ikapanda kulipira ali ndi ufulu wothetsa kontalakitiyo. Taganizirani bwino pamenepa. Katswiri wolandira mamiliyoni ku Ulaya ali ndi khomo lotulukira timu yake ikaphwanya lonjezo, koma mwana wa sukulu wa ku Nsaru, amene salandira kanthu, akuuzidwa kuti khomo kulibe. Malamulo amene akumuopseza nawo ndi omwewo akanamumasula akanakhala kuti wina anamuwerengera.

Mikangano yotere siili kumudzi kokha. Mu 2024 dziko lonse linamva za Promise Kamwendo, wosewera wa Dedza Dynamos, amene matimu awiri aakulu a ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers, ankakanganirana, iliyonse ikuti ngwake. Nkhani inakafika ku FAM ndipo pomaliza anakasewera ku Wanderers. Sindikufuna kuweruzanso mlandu umene unaweruzidwa kale. Chimene ndikufuna muone ndi ichi: panali mapepala oti anthu awerenge, panali bwalo lokamverako mbali zonse, manyuzipepala ndi mawailesi ankatsatira tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani inatha wosewerayo nabwerera m'bwalo. Wa ku Nambuma alibe chilichonse mwa izi. Palibe mtolankhani amene angakwere njinga kukafunsa za iye. Ofesi ya mpira ya chigawo chapakati ili mumzinda, ndipo ndalama yokwerera minibasi kupita ndi kubwera ndi ganyu wa masiku angapo. Ambiri mwa matimu a m'zikho za aphungu sali ndi komwe m'kaundula wa FAM, chotero lamulo ndi la amene wagula chikho ndi anzake a m'komiti. Mlandu wa mwana wosauka umatha chifukwa chakuti iye watopa.

Tsopano ndimve mbali ya eni matimu, poti nawonso ali ndi pakamwa, ndipo zina zimene amanena nzoona. Timu ya kumudzi ilibe kampani yoithandiza. Amaiyendetsa ndi mphunzitsi wa pulaimale, mwini golosale, kapena mlimi amene wagulitsa mabelo ake bwino chaka chimenecho. Amagula mipira ndi ndalama za m'thumba mwawo, amachita hayala lole yopita ku masewero, akazi awo amaphika nsima ya anyamata makumi awiri. Amatola mwana wosadziwa kuimitsa mpira namuphunzitsa zaka zitatu. Tsiku lina kubwera galimoto yochokera m'tauni, mwana uja wapita, osatsazika ndi komwe. Kodi si kulima munda kuti akolole ena? Amanenanso kuti anyamata ena ngachinyengo, amalandira ndalama kuno nalandiranso uko, amasaina pawiri, ndipo amathawa timu sabata ya fainolo chifukwa wina wawaonetsa foni yatsopano. Zimenezi zimachitika, ndipo wosewera wamkulu amene wasaina kontalakiti yeniyeni, naimvetsa, nalandira zake zonse, aisunge. Sindikulemba kuti ndiikire kumbuyo akathyali.

Koma taonani kumene madandaulo amenewa akuloza. Amene wakolola m'munda mwa eni ndi timu yaikulu, ndiye bwanji chilango chikugwera mwanayo? Ngati ng'ombe za mnansi zadya chimanga chako, mlandu umakaupereka kwa mwini ng'ombe, sumanga chimanga chotsalacho kuti chisakule. FIFA inaliona vutoli ndipo njira imene inaika ndi yolipiritsa timu yolandira. Matimu amene anaphunzitsa mwana kuyambira zaka 12 mpaka 21 ayenera kulandira chipukutamisozi akadzakhala wosewera wa ntchito, ndipo akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontalakiti isanathe, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Bungwe la mpira la dziko lililonse limauzidwanso kuti likhale ndi njira yake yothokozera matimu olera ana m'dzikomo. Ndalama zimenezi zimatsata kaundula. Chotero fomu ija, a wapampando, phindu lake lili poti ndi umboni wakuti mwanayu anadutsa m'manja mwanu. Mukamumasula napita patsogolo, umboniwo ungadzakubweretsereni kanthu. Mukamukaniza nakhala pansi, mwatsala ndi pepala lokulungira mtedza. Mukufuna matumba awiri a feteleza lero kuchokera ku timu yosauka ngati yanu yomwe, ndipo potero mukupha mbewu.

Ndiponso kukhulupirika kumene amakulalikiraku kumayenda njira imodzi ngati madzi a mumtsinje wa Namitete. Mnyamata akathyoka mwendo, fomu ija siimuchiritsa, ndipo timu imangolemba wina. Akapeza wothamanga kuposa iye, amamukhazika pabenchi chaka chonse popanda kumupempha kiliyaransi. Kochi akaitanidwa ndi timu ina amanyamuka usiku womwewo. Bwana wothandiza timu akagwa pa chisankho, jezi amazitenga. Aliyense m'bwalomo ali ndi ufulu wosintha maganizo kupatula mmodzi yekha, wamng'ono kuposa onse, amenenso ndiye anthu amabwera kudzaonera.

Kuti muone kuti nthendayi si yathu yokha, ndiponso kuti imachizika, tiyeni tione ku America. Kumeneko mayunivesite ali ndi matimu a mpira wawo uja wonyamula m'manja, ndipo masewero ake amadzaza mabwalo aakulu kuposa la Bingu. Kuyambira 1964 mnyamata womaliza sekondale amene yunivesite yamufuna ankasaina kalata yotchedwa National Letter of Intent. Iye ankalonjeza kukaphunzira ndi kusewera pamenepo chaka chimodzi, yunivesite nilonjeza thandizo la fizi la chaka chimodzi. Akasintha maganizo popanda kumasulidwa, chilango chake chinali kukhala chaka osasewera. Kochi amene anamukopa akachoka mawa lake, mnyamatayo ankatsalabe womangika, poti ankati wasainira sukulu osati munthu. Mu 2013 Eddie Vanderdoes, amene anasaina ku Notre Dame, anapempha kuti amumasule akaphunzire ku UCLA kufupi ndi kwawo ku California chifukwa cha matenda m'banja. Notre Dame inakana, ndipo anamasulidwa atachita apilo. Mu Disembala 2022 Jaden Rashada anasaina ku Florida pamene kunali nkhani ya pangano la ndalama zoposa madola 13 miliyoni kuchokera ku gulu la othandiza timuyo. Panganolo linagwa, iye anapempha kumasulidwa, anamumasula mu Januwale 2023, ndipo mu 2024 anakasuma ku khoti. Chotsani madolawo, mutsala ndi msuweni wanga ndi fizi yake ya materemu awiri.

Komatu onani kusiyana kwake. Kalata ya ku Americayo, ndi kuipa kwake konse, inkalemba chimene sukulu ipereke. Wosakwana zaka 21 sankasaina yekha, pankafunika dzina la kholo. Panali kochitira apilo. Ndipo ngakhale zinali chomwecho, eni ake anaona kuti siikuyenera, moti mu Okutobala 2024 bungwe la NCAA linaithetsa m'gawo lake lapamwamba, patatha zaka 60. Ku Ulaya nako goli linathyoledwa ndi munthu mmodzi wosatchuka. Jean-Marc Bosman wa ku Belgium kontalakiti yake ndi RFC Liège inatha mu 1990, koma timuyo inafunabe ndalama kuti apite ku Dunkerque ku France. Anakasuma, ndipo pa 15 Disembala 1995 khoti la maiko a ku Ulaya linagamula kuti wosewera amene kontalakiti yake yatha asamuke popanda mtengo. Nthawi imeneyo eni matimu analira kuti mpira watha. Mpira womwewo ndi umene lero timaunjikana m'mashedi a kanema pa Nsaru kuti tiuonere, titavala jezi za Arsenal ndi Manchester United. Tinatengera jezi zawo ndi mayina awo, koma ufulu wa osewera awo tinausiya pa doko.

Ndiye tichite chiyani? Zimene ndikupempha sizifuna ndalama za boma kapena thandizo la kunja. Fomu yolembetsera osewera ikhale m'Chichewa, ndipo ilembedwe ziwiri, ina atenge wosewera. Chilichonse chimene timu yalonjeza, kaya ndi fizi, nsapato kapena chipatala, chilembedwe pafomu pomwepo ndi tsiku lake, ndipo timu ikaphwanya lonjezolo wosewera akhale womasuka popanda kugwadira munthu. Wosakwana zaka 18 asasaine popanda kholo kapena malume ake, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake adziwe. Wosewera amene salandira malipiro akhale womasuka ligi ikatha, ndipo ngati wasamuka mudzi kapena sukulu amasulidwe nthawi yomweyo. Timu ikapemphedwa kalata yomasula niingokhala chete masabata awiri, kukhala cheteko kutengedwe ngati kuvomera. Madandaulo azimvedwa pafupi, pa Nsaru kapena pa Namitete pomwepo, ndi anthu amene si a m'komiti ya timu iliyonse. Ndipo FAM, pamodzi ndi bungwe la mpira la chigawo chapakati, ikakamize matimu aakulu kulipira matimu a kumudzi amene analera osewera awo, ndi kulengeza poyera mtengo wake, kuti mphunzitsi wa pulaimale uja alandire thukuta lake kwa amene ali nazo m'malo mofinya mwana wa mnzake.

Mafumu athu nawonso ali ndi mbali. Bwalo limene timu imasewerapo ndi malo a mudzi kapena a sukulu. Gulupu amene amatha kuletsa mowa pa tsiku la maliro angathenso kunena kuti pabwalo lake sipasewera timu yosainitsa ana makolo awo osadziwa. Aphungu amene amagula zikho, m'malo mongojambulitsa atanyamula mpira, afunse malamulo amene chikho chawo chikuyendera. Ndipo inu makolo, mwana akabwera nanena kuti wasaina, musangoti zikomo poti apeza chochita. Mufunseni pepala lili kuti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo lonjezo la fizi limene silinalembedwe lili pachala.

Potsiriza ndinene kwa ife tomwe amene tili pano pa koleji. Timadziwa kutsutsana usiku wonse za Bosman ndi za mitengo ya osewera a ku England, ndipo ena mwa ife timalemba ndakatulo zolira ukapolo wa makolo athu ku Wenela ndi ku maesiteti. Nzabwino. Koma pa tchuthi tikapita kwathu timakaima m'mbali mwa bwalo titavala magalasi, kuombera m'manja ana amene ali m'goli, osafunsa kanthu. Kumasulira fomu ya tsamba limodzi m'Chichewa ndi ntchito ya madzulo amodzi kwa wophunzira zinenero. Kulemba kalata yopempha kumasulidwa, yotchula ndime yoyenera, ndi ntchito ya ola limodzi kwa wophunzira zamalamulo. Komiti imene imaseka mwana wobwera yekha siiseka akabwera ndi malume ake kudzanja lamanja ndi munthu wodziwa kuwerenga malamulo kudzanja lamanzere. Anawa akusowa ankhoswe, ndipo ife amene midzi yomweyo inatitumiza ku sukulu tilibe chifukwa chokanira unkhoswewo.

A wapampando, a mlembi, a msungichuma, ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzamva za nkhani ino ndipo mudzati mwana wa sukuluyu wakhuta nyemba za ku koleji. Nenani zimenezo, koma mukatha mutsegule chikwama chija, muwerenge mafomu amene ali m'menemo, ndipo mudzifunse kuti ndi angati mwa eni maina amenewo akusewera mpira lero, ndi angati mukuwasunga pa pepala pokha iwo ali pa kabaza. Ngati muli ndi yankho, lembani. Magazini ino siikaniza munthu kalata.